Ufumu wanga wa pafoni

Ife a ku Honde Valley amene agogo athu anachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo tili ndi zinthu zitatu zosasewera nazo: tiyi, tchalitchi ndi resilini. Za tiyi amalamula ndi akapitawo, za tchalitchi amalamula ndi abusa, ndiye munthu wamba ngati ine liwu langa limamveka pa resilini pokha. Dengu langa likadzaza masamba limandipepesula panjira ya kusikelo, koma mundione Loweruka ku Hauna, nditakhala kutsogolo kwa TV: ndimalangiza Brock Lesnar kagwiridwe ka munthu.

Tinali ndi gulu lathu pa WhatsApp, lolumikiza makomboni a kuno ndi a ku Chipinge. Wolamulira gululo anali alamu anga, amene amakhala cha ku Ratelshoek. Mu Epulo 2025, John Cena atagwetsa Cody Rhodes n'kutenga lamba wa dziko lonse kachi 17, anthu anasefukira ndi chimwemwe. Ine, pofuna kuoneka wopita kusukulu, ndinalemba kuti zimenezi amachita kupanganiratu kuofesi. Aliyense amadziwa, inde, koma sizinenedwa pagulu. Tiyi wanga asanazizire n'komwe, alamu anali atandichotsa.

Mphwanga wophunzira ku Mutare ndiye anandipukuta misozi.

"Malume, vuto lanu n'lakuti mukukhala pa esiteti ya eni," anatero.

Anandifotokozera kuti WhatsApp, Facebook ndi Instagram mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Meta, n'chifukwa chake pa 4 Okutobala 2021 zitatu zonsezi zinazimira limodzi kwa maola pafupifupi 6. Twitter nayo Elon Musk anaigula mu 2022 ndi madola 44 biliyoni, kenako n'kuisintha dzina kukhala X osafunsa munthu. Koma kuli malo ena, monga Mastodon imene Eugen Rochko anayambitsa ku Germany mu 2016, kumene aliyense akhoza kutsegula seva yakeyake, n'kuika malamulo ake, ma seva onsewo n'kumalankhulana. Ena okonda resilini, atatopa ndi eni ake a X, anasamukira kumeneko ndi ku Bluesky.

"Zili ngati alimi a tiyi ang'onoang'ono a m'chigwa chino, malume. Munda wako, khasu lako, palibe wokuimbira wezulo."

Mawu akuti "palibe wokuimbira wezulo" anandilowa m'mafupa. Ndinagulitsa mikoko ya nthochi kuti tilipirire seva, ndipo usiku womwewo ndinalowa ufumu. Lamulo loyamba ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu: MUNO SACHOTSA MUNTHU.

Sindinadziwe kuti pofuna kuchotsa munthu, ayambe wabwera kaye. Anzanga a pakomboni amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene kwinaku sitsegula. Nditawauza kuti agule data yonse kuti akhale mfulu, wina anandifunsa ngati ufuluwo umabwera ndi ndiwo. Mudzi wanga unali ndi nzika zinayi: ine, mphwanga, mayi akunyumba amene analowa kuti aone amene ndimacheza naye usiku pamwamba pa chulu posaka netiweki, ndi mzungu wina wakutali amene Chichewa sachimva, koma chilichonse ndikalemba amayankha ndi chithunzi cha mphaka wake.

Komabe ndinalamulira mwakhama. Ndinkalemba kuti Undertaker sanayenere kugonja mu 2014 atapambana maulendo 21 otsatizana pa WrestleMania. Ndinkalemba za Kofi Kingston, mwana wobadwira ku Ghana amene anatenga lamba wa kampani ya resilini ya WWE mu 2019. Yankho linkabwera ndithu: mphaka ali pampando, mphaka ali pawindo.

Tsiku lina nzika ina inatsegula pakamwa. Mayi akunyumba analemba kuti: "Bambo awa amadziwa mayina a amuna onse ovala makabudula ku America, koma mtengo wa sopo sakuudziwa."

Chala changa chinathamanga chokha. Ndinawachotsa. Lamulo la zilembo zikuluzikulu lija linali pomwepo, likundiyang'ana. Madzulo ake ndinazindikira kuti boma lina m'nyumba mwathu lili ndi mphamvu kuposa langa, chifukwa nsima inafika pamphasa ya ana yokha. Mphwanga anatuluka yekha pogwirizana ndi azakhali ake. Tinatsala ine ndi mphaka.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwamvetsa alamu anga. Munthu aliyense ali ndi kapitawo wogona m'mimba mwake, amangodikira kupatsidwa wezulo. Anthu ochenjera anagawa intaneti kuti pasakhale bwana mmodzi, ndipo zinathekadi: mabwana tsopano tilipo ambirimbiri, aliyense ndi anthu ake atatu.

Ndipo mlimi wamng'ono uja, ngakhale munda ndi wake, masamba amakawatula kufakitale ya esiteti. A WWE zimenezi amazidziwa bwino: pa YouTube pokha owatsatira anapitirira 100 miliyoni mu 2024. Ochititsa masewera amalondola kumene kuli phokoso, pakuti chimene amagulitsa ndi phokosolo. Mu Disembala 2025, Cena atagonja kwa Gunther pa ndewu yake yotsanzikira, ndinalemba pa seva yanga mawu achisoni oti abusa akanawabwereka pamaliro. Sanawerenge munthu. Pakhomo loyandikana ndi lathu foni inkangolira usiku wonse, Honde ndi Chipinge akulirira limodzi. Kali kokha n'kanyama.

Ndinatumiza tambala ku Chipinge pabasi, pamodzi ndi mawu odzichepetsa. Alamu anavomera kundibwezera pagulu, koma anati ndiyambe ndalemba pamaso pa onse kuti resilini ndi ndewu yeniyeni. Ndinalemba, ndipo mpaka lero ndikuchitira umboni. Wotsutsa abwere ku Hauna Loweruka likubwerali, adzalimbane ndi mayi akunyumba. Ine ndidzakhala woliza belu.