Kalata ya Atsibweni kwa Mayi Lagarde

Atsibweni anga a ku Dowa amakhulupirira kuti aliyense wokhala ku Mangalande amapatsana moni ndi akuluakulu onse a dziko lapansi. Ine ndinkakhala ku Watford, ntchito yanga inali yosamalira okalamba, ndipo bwana yekhayo amene ndinkamudziwa anali mwini nyumba ya lendi. Koma pakamwa panga ndi pomwe panandipachika. Mu June 2013 ndinawauza pa foni, modzitama, kuti msonkhano wa Bilderberg ukuchitikira ku hotelo ya The Grove, chapafupi ndi pomwe ndinkakhala, ndipo kukubwera Henry Kissinger, Jeff Bezos wa Amazon, Eric Schmidt wa Google ndi Christine Lagarde wa IMF.

Atamva dzina lomalizalo anazimitsa wailesi. Mayi Lagarde anali atabwera ku Malawi mu January chaka chomwecho, kwacha itagwa kale mu May 2012, pamene dola inachoka pa makwacha pafupifupi 167 n'kufika pa 250. Kwa atsibweni, amene anakweza mtengo wa feteleza anali mayi ameneyo basi.

"Mphwanga, tenga cholembera."

Anandilembetsa kalata yonse pa foni, mayunitsi anga akutha. Moni, matenda a kumudzi, mtengo wa feteleza, wa palafini, wa shuga, kenaka matayala a njinga yawo. Nditati ndiimasulire m'Chingerezi anakana kwamtuwagalu: munthu wa ndalama chotere sangasowe womasulira.

Chimene sindinawauze n'chakuti ku Bilderberg kulibe khomo la munthu wamba. Msonkhanowu unayamba mu 1954 ku Hotel de Bilderberg, m'tauni ya Oosterbeek ku Netherlands, wapampando ali Prince Bernhard, pofuna kuti akuluakulu a ku Ulaya ndi North America azikambirana momasuka. Amalowa oitanidwa okha, anthu oposa 100 pang'ono. Savota, satulutsa chikalata cha zomwe agwirizana, ndipo amatsata lamulo la Chatham House: zomwe wamva ukhoza kuzigwiritsa ntchito, koma osatchula amene wanena. Komiti ya mjigo kwathu ili ndi mlembi ndi kope lake, koma awa, amene mawu awo amagwedeza mabanki, ayi.

Loweruka ndinavala suti ya maukwati, envelopu m'manja. Malo onse anali atawazinga ndi mpanda wachitsulo, apolisi mbwee. Pabwalo lina anasonkhanitsapo anthu otsutsa msonkhanowo, ena atanyamula zikwangwani, ena zimkuzamawu, kudikira kuti otsutsa anzawo otchuka, David Icke ndi Alex Jones, alankhule. Onse anali m'majini ndi m'matisheti. Wa tayi ndinali ndekha.

Mayi wina anandiloza n'kukuwa kuti ndine mmodzi wa iwo. Kanthawi kochepa ndinazingidwa, mafoni akundijambula, wina akundifunsa kuti mayiko osauka tawagulitsa pa mtengo wanji. Ndinayesa kufotokoza kuti dzulo lake ndinkasambitsa nkhalamba, koma amene anandimva anangoti ndimo amanamira onse. Ndisabise, mumtima ndinakondwako pang'ono. Chibadwire palibe anandiganizirapo kuti ndingagulitse dziko.

Kenaka kunatulukira galimoto yakuda ya magalasi osaonekera m'kati. Mutu wanga unangoti Lagarde. Ndinathamanga, n'kuiponyera envelopu ija. Sinafike n'komwe pa galimoto, inagwera mumsewu, koma ine ndinapezeka ndili chafufumimba pa udzu, bondo la wapolisi lili pamsana. Anabwera ndi galu kudzanunkhiza kalata ya atsibweni. Wina anaitsegula atavala magulovu, anaiyang'ana, anaitembenuza, n'kundilamula kuti ndiimasulire mzere ndi mzere.

Ndinamasulira nditakhala pansi, thalauza litang'ambika pa bondo. Kuti agogo akudwala nyamakazi. Kuti thumba la feteleza lafika posagulika. Nditafika pa matayala a njinga, wapolisi amene ankalemba zomwe ndinkanena anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Anandibwezera kalata yonyowa ndi malovu a galu, n'kundiuza kuti ndizipita ndipo ndisabwerenso. Shifiti ya madzulo inali itandipita, malipiro ake nawo.

Usiku foni inalira.

"Wapereka?"

"Ndapereka, atsibweni."

"Ndiye mayiwo ati chiyani?"

Ndinameza malovu. Ndinawauza kuti lamulo la kumeneko sililola kutchula amene wanena chinthu. Anakhala chete, kenaka anati n'zoona, nkhani za akuluakulu zimatero. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utadziwa kuti mphwawo analowa mu msonkhano wachinsinsi.

Patangopita masiku ochepa anaimbanso. Anali atamva pa wailesi kuti atsogoleri a G8 akukumana ku Lough Erne, ku Northern Ireland, ndipo Obama akhalako. Anafunsa ngati kumeneko n'koyendeka pa basi, n'kundiuza kuti nditenge cholembera.