Ufumu wa mphindi 15

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, Windows 10 inasiya kulandira zigamba za chitetezo, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe malaputopu ambiri akale a pa kaunjika alibe. Yanga ili m'gulu lomwelo. Nditafunsa mtengo wa yatsopano m'tauni, wogulitsa anatchula ndalama yoti ndinachita kumufunsa ngati akugulitsa pamodzi ndi shopu yomwe. Basi ndinaitana mwana wa mchemwali wanga, wa ku koleji uja, kuti adzandiikire Ubuntu m'malo mwa Windows, poti ndinamva kuti ndi yaulere. Ine zaulere ndimazimva ngakhale ndili m'tulo.

Mnyamatayo anagwira ntchito yake, n'kundilembera pa kapepala zoti ndizilemba ndikafuna pulogalamu yatsopano. Atapita, ndinatsekula kawindo kakuda kolembamo malamulo n'kulemba sudo apt install vlc, kuti ndizionera mafilimu. Kompyuta inafunsa pasiwedi. Ndikulemba, palibe chimene chinkaoneka, ngakhale tinyenyezi, ndipo akuti ndi dala, kuopa kuti wosuzumira angawerenge kuti zilembo zilipo zingati. Kenako inandiyankha m'Chingerezi chouma kuti dzina langa mulibe m'kaundula wotchedwa sudoers, komanso kuti nkhaniyi ikanenedwa.

Ikanenedwa kwa yani? Laputopu ndinagula ndine. Magetsi amene ikudya ndimalipira ndine. Pakhomo pano bwalo la milandu ndine ndemwe.

Nditamuimbira foni, zinaululika. Pa Ubuntu, akaunti imene yatsekulidwa koyamba poika ndiyo imalowa m'gulu la sudo, la anthu ololedwa kulamula. Mnyamatayo anayamba kutsekula yake, yanga n'kubwera pambuyo ngati ya munthu wamba. Sindikukana, kwathu ufumu umapitadi kwa mwana wa mlongo. Koma mwambo umati adikire kaye malume ake atsikire kuli chete. Ine ndikudyabe nsima, mano onse alipo kupatula awiri.

“Iwe, mwini mbumba ndine,” ndinamukumbutsa.

“Pepani amalume, koma ngakhale ineyo si mfumu. Mfumu yeniyeni m'menemo ndi root.”

Akuti root ameneyu nambala yake ndi 0. Atha kuwerenga makalata a aliyense, kusintha pasiwedi ya aliyense, kufufuta mudzi wonse ndi mzere umodzi popanda womufunsa. Poona mphamvu zotere, a Ubuntu chiyambire mu 2004 amamutsekera m'nyumba, osamupatsa pasiwedi yoti munthu angalowere m'dzina lake. Mfumu yotereyi ndinaisirira: sipempha nkhuku ya chindapusa, sigulitsa dimba limodzi kwa anthu atatu. Wofuna kulamula amabwereka mkanjo wake kudzera pa sudo, pulogalamu imene Bob Coggeshall ndi Cliff Spencer anaiyamba cha m'ma 1980 ku Buffalo, m'dziko la America. Ku Debian, komwe Ubuntu inachokera, amakufunsa poika: ukapatsa root pasiwedi, iweyo sudo sakupatsa, ukasiya mpatawo wopanda kanthu, root amatsekeredwa ndipo mkanjo umabwera kwa iwe.

Mwambo wondilonga ufumu unachitika Loweruka, popanda ng'oma kapena nthungululu. Mnyamatayo analemba sudo usermod -aG sudo, n'kuwonjezera dzina langa, kenako anati ndituluke ndilowenso. Anandichenjeza za kachilembo -a kaja. Ukakaiwala, kompyuta imakulowetsa m'gulu latsopanolo n'kukuchotsa m'magulu ena onse. Ndiye kuti tsiku lolongedwa lomwelo wachotsedwa mu kwaya, mu banki m'khonde ndi mu komiti ya mjigo.

Ndinavala mkanjo. VLC inalowa mosanyinyirika. Ndinakhala pampando n'kumaganiza choti ndilamulenso, koma pofika poti ndapeza, tiyi anali atapsa. Pochokera kukhitchini, kompyuta inandifunsanso pasiwedi ngati mlendo. Ufumu wa sudo pa Ubuntu umatha pakadutsa mphindi 15. Aphungu timawapatsa zaka zisanu ndipo ena sitiwaona mpaka kampeni ina, ine wogula laputopu mphindi 15! Mfumu yanji yoti ikangopita kukataya madzi, pobwera nduna zaiiwala?

Ndinaganiza zolanda boma. Ndinamva kuti sudo passwd root imatsekula chitseko cha mfumu yaikulu ija, munthu n'kumakhala root usana ndi usiku. Mnyamatayo anagwira mutu. Anati ukakhala root nthawi zonse, pulogalamu iliyonse imene watsekula, ngakhale yotola pa intaneti, imavala nawo mkanjowo. Anandikumbutsanso za mu Novembala 2017, pamene zinadziwika kuti pa makompyuta a Apple okhala ndi macOS High Sierra munthu ankatha kulemba root, osalemba pasiwedi, n'kulowa. Kampaniyo inakonza msangamsanga. Ndinamvera, koma ana onse ndinawatsekulira maakaunti opanda sudo. Ufumu ukoma ukakhala ndi owalamula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndasiya kuseka nacho. Lamulo lililonse loperekedwa kudzera pa sudo limalembedwa m'buku: ndani, liti, anachita chiyani. Ndipo poti wovala mkanjo atha kung'amba tsamba, odziwa ntchito amatumiza kope la bukulo ku kompyuta ina imene iye sangaifikire. Mu 2013 tinaona zimene zimachitika zikasowa zimenezi. Pa Cashgate anthu ankalowa mu IFMIS, dongosolo la ndalama za boma, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta zolembazo. Mabiliyoni anapita, m'zipatala mankhwala mulibe. Mpaka lero m'maofesi ena muli akaunti imodzi ya admin imene aliyense amalowera, pasiwedi yake itamatidwa pa kompyuta pomwepo, ndipo amene anasiya ntchito chaka chatha akuidziwabe. Zikasowa ndalama, aliyense amati si ine, ndipo palibe angamutsutse. Ndi manyazi kuti laputopu yanga ya pa kaunjika imasunga mbiri ya olamula kuposa malo osunga misonkho yathu.

Bukulo lili pa /var/log/auth.log, ndipo monga mfumu ndinapita kukaliyendera. Ndinapezamo mlandu wanga uja, wolembedwa bwinobwino ndi tsiku lake. Ndinapezamonso dzina la mayi akunyumba, akulamula ndi sudo masiku angapo ine ndisanalongedwe. Mnyamata uja anawaika m'gululo tsiku loyamba lomwe.

Nditawafunsa kuti zinayenda bwanji popanda kudzera kwa ine, sanasiye n'kusankha mpunga komwe.

“Abambo, mphindi zanu 15 zija zatha. Tapitani mukagule makala.”