Kodi amene ali pa rizevu wakhoza kapena walephera?

Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo, ndipo za makoleji ndazidziwira kuukulu. Wandilowetsamo ndi mwana wa mlongo wanga. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6, mwakuti za sukulu yake zimagwera ine malume wake. Tsono mundikhululukire ngati mafunso anga ali oti ndi mwana wa Fomu 2 yemwe angaseke nawo.

Mtsikanayu anafunsira malo pa koleji ina yophunzitsa unamwino ndi uzamba. Anamuitana ku intavyu, anapita, anabwerako nkhope itagwa. Mayina atatuluka, lake silinali pa mndandanda wa osankhidwa, koma silinasowenso. Linali papepala lachiwiri, la amene akuti ali pa rizevu. Ndinamufunsa kuti, "Ndiye wakhoza?" Anati ayi. "Walephera?" Anatinso ayi. "Nanga amayi ako alulute, kapena tikupepese?" Iye anangoti, "Amalume, akuti tidikire."

Tidikire mpaka liti? Kuchigayo ndimadikira, koma ndimaona matumba amene ali patsogolo pa langa, ndipo akachuluka ndimayamba ndapita kumsika. Kodi rizevu ndi mzere wotero, woti pali woyamba, wachiwiri ndi wachitatu, kapena ndi mulu chabe woti akafuna munthu amangotolapo? Papepala lija mayina anawalemba motsata alifabeti. Ndiye kuti a Banda ali ndi mwayi kuposa a Zimba?

Funsoli ndinapita nalo kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene amakonda kudzawerengera nyuzipepala pakhonde langa. Anayamba aseka kaye. Kenako anati, "Achimwene, koleji imadziwa kuti si onse amene yawasankha adzafike." Anandifotokozera kuti mwana mmodzi safunsira malo amodzi. Amatumiza makalata ku Nkhoma, ku St Luke's ku Malosa, ku Malamulo ku Thyolo, ku Holy Family ku Phalombe, ku St Joseph's ku Nguludi, mwina mpaka ku Ekwendeni kapena ku Trinity ku Muona. Zonsezi ndi sukulu za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM. Palinso Malawi College of Health Sciences ya boma, imene ili ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba. Mwana wakuthwa amasankhidwa kuwiri kapena kutatu, koma thupi ali nalo limodzi. Winanso dzina lake limatulukira ku NCHE, bungwe limene limayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite 6 a boma, ndipo akaona digiri ya ku KUHeS kapena ku Mzuzu University, dipuloma amaisiya. Mipando yosiyidwayo ndiyo imene a pa rizevu akudikira. Anati n'chimodzimodzi ndi kusankha kachiwiri kwa ana opita ku Fomu 1 kumene tinakuzolowera.

Pamenepo ndinamva. Koma bwanji osangowonjezera mipando? Kuchipatala chathu chaching'ono namwino mmodzi yemweyo amayeza amayi apakati, amabaya jakisoni, usiku n'kukadzutsidwanso kuti akabereketse. Ana ofuna ntchitoyi alipo mpaka kusefukira papepala lachiwiri. Chikuletsa n'chiyani? Aphunzitsi anati namwino saphunzirira pabolodi pokha. Amafunika wodi yophunziriramo, odwala enieni, ndi namwino wamkulu womuyang'anira, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi sililola koleji kungounjika ana popanda zimenezi. Anawonjezeranso kuti bungwe la anamwino la NONM limadandaula kawirikawiri za anamwino amene anamaliza maphunziro koma sanalembedwe ntchito. Ndiye zipatala zikusowa anamwino, anamwino akusowa ntchito, ana akusowa malo ophunzirira unamwino, zonsezi nthawi imodzi? Mutu wanga unayamba kuzungulira, ndipo ndinabwerera ku za mwana wathu.

Chimene chinachitika ku intavyu anandiuza patapita masiku, ndipo anayamba waona kaye kuti amayi ake palibe. Anamupempha kuti afotokoze za iye mwini. Anatchula dzina, mudzi ndi mfumu, basi n'kukhala chete. Anamufunsa chifukwa chimene akufunira unamwino, iye n'kuti akufuna kuthandiza odwala, yankho limene atatuluka panja anamva kuti pafupifupi aliyense anapereka. Kenako anamufunsa za kolera. Mwanayu kolera amaidziwa. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unafika kwathu, ndipo ndi iye amene ankathira kolorini m'ndowa za pakhomo ndi kusungunulira agogo ake thanzi. Koma Chingerezi chinamuthawa. Akuti mayankho onse anabwera ali m'minibasi pobwerera.

Apa ndiye pali mafunso anga ambiri. Mwana wakhala zaka 4 ku sekondale, walemba mayeso a MANEB, wapeza makirediti a Chingerezi ndi a sayansi amene koleji inafuna. Kodi mphindi zochepa za m'chipinda chija zingalemere kuposa zaka zonsezo? Amene akupita ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE amasankhidwa poona zotsatira za MSCE, popanda wowayang'ana nkhope. Nanga uyu wa dipuloma amuonerenji?

Namwino wa pachipatala chathu uja atabwera kudzachepetsa yunifolomu, ndinamufunsa. Anati, "Bambo, theka la ntchito yathu ndi pakamwa." Namwino ayenera kufunsa wodwala mpaka amve chimene chikumuvuta, kulimbitsa mtima mayi amene ali pa matenda, kufotokozera adokotala msangamsanga popanda chibwibwi. Mabuku, mafayilo a odwala ndi mayina a mankhwala, zonse n'za m'Chingerezi. Munthu woti akaopsedwa pang'ono mawu amamuthera, a ku koleji ayenera kumudziwa asanamutenge. Sindinatsutse, poti ndi zoona. Komabe odwala athu amabuula m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Kodi chingalakwike n'chiyani atamufunsa mwana funso limodzi lokha m'chinenero chimene agogo adzamudandaulire nacho ali pabedi? Akanaona namwino wina amene Chingerezi chinamubisa tsiku lija.

Palinso china chimene chikundisowetsa mtendere. Mwanayu tinamulera ife. Tinamuuza kuti wamkulu samuyang'ana m'maso, kuti mwana sadzitama, kuti akafunsidwa aziyankha mwachidule ndi mawu otsika. Anamvera, ndipo mudzi wonse umamutchula kuti ndi mwana waulemu. Lero akulowa m'chipinda mmene akuluakulu akufuna kuti awayang'ane m'maso, akweze mawu, adzitchule yekha kuti ndi wanzeru ndi wolimbikira. Kodi ulemu umene tinamuphunzitsa ndiwo wamuika papepala lachiwiri? Mwana wa m'tauni amene waphunzira sukulu yolipira, amene amatsutsana ndi bambo ake patebulo m'Chingerezi, zimenezi sizimuvuta. Ndiye intavyu imayeza namwino wa mawa, kapena imayeza nyumba imene mwana wachokera? Ine ndikuona ngati imayeza zonse ziwiri, kungoti chachiwiricho sachilemba papepala.

Koma intavyu inapita, ndipo sabwereza. Funso limene latsala n'lakuti, munthu wa pa rizevu amatani?

Mlongo wanga akuti tikhale chete, kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akuluakulu ukawavutitsa amakufufuta. Mnzanga wina wa pamsika akuti kukhala chete n'kugona, tipite konko ndi ya fanta, dzina likwera lokha. Ndinamufunsa kuti, mwana akalowa unamwino ndi ya fanta, kwa odwala adzafuna ya chiyani? Ndipo lamulo la 1995 limene linakhazikitsa bungwe la ACB silisiyanitsa: wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa. Usiku wina kunabweranso foni ya munthu wonena kuti ndi wa ku koleji, akuti titumize ndalama pa nambala yake kuti mwana achoke pa rizevu, koma tichite changu kusanache. Kodi ofesi yanji imagwira ntchito usiku, n'kumalandirira ndalama m'thumba la munthu mmodzi popanda risiti? Nditamupempha kuti atilembere kalata ya chidindo, foni inaduka.

Aphunzitsi aja anati mwana wathu alembere koleji kalata, imodzi yokha. Mwanayo anakhala pansi n'kudzaza masamba atatu. Anapepesa chifukwa chochita mantha, anafotokoza kuti anagona pa depoti, anayankhanso funso la kolera lonse bwinobwino, n'kumalizira ndi za umasiye wake ndi vesi la m'Baibulo. Ine nditamva akuiwerenga misozi inalengeza. Aphunzitsi anatenga cholembera n'kudula pafupifupi yonse.

Ndinadabwa. Ndinati, "Aphunzitsi, kusatchula kuti intavyu inavuta, si kubisa kumeneko?"

Anati, "Abise kwa yani? Iwo analipo. Anaona okha kuti mwana wanjenjemera, ndipo ataona sanamutaye. Amene anawataya sali papepala lililonse."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwatembenuza. Ife tonse tinkaona pepala lachiwiri ngati chilango cha intavyu yoipa. Kodi mwina ndi umboni wakuti intavyuyo siinaipe monga mwini wake akuganizira? Munthu akatuluka m'chipinda chotero amangokumbukira pamene anapunthwa. Ofunsa aja aona ana ambirimbiri akunjenjemera tsiku limenelo, ndipo mwina wathuyu sakumukumbukira n'komwe ngati wamantha. Tsono kalata ya masamba atatu yopepesa ikanagwira ntchito yanji, kupatula kuwakumbutsa chimene anaiwala?

Imene inatsala ndi ya theka la tsamba, yopita kwa a Registrar. Muli dzina lonse monga lilili pa satifiketi, maphunziro amene anafunsira ndi tsiku la intavyu. Akuthokoza kuti anamuganizira. Akunena mosazungulira kuti malowo akuwafunabe, ndipo akaitanidwa adzafika pa tsiku limene amuuze. Akufunsa mwaulemu zinthu ziwiri: ngati mayina a pa rizevu ali ndi woyamba ndi womaliza, komanso kuti mndandandawo udzatsekedwa liti. Aphunzitsi anati ngati pali chatsopano chimene chachitika intavyu itadutsa, monga kuyamba kuthandiza pa sikelo ya ana pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, akhoza kuchitchula m'chiganizo chimodzi, bola chikhale choona. Kupeka ayi, chifukwa a ku koleji akhoza kufufuza.

Ndinafunsa ngati kalatayo ingamukweze. Anati mwina ayi. Ngati mndandanda umatsata malikisi, kalata siingasinthe malikisi. Nanga yalembedweranji? Anati tsiku limene mpando udzapezeke, nthawi idzakhala itatha kale, makalasi atayamba, ndipo wa mu ofesi adzafuna munthu wopezeka msanga amene sakayikitsa kuti abwera. Apa m'pamene anafunsa funso limene tonse sitinaliganize: pa fomu paja analembapo nambala ya yani? Inali ya amayi ake, foni imene imagwira netiweki ukakwera pachulu, ndipo imakhala yozima kukachita mitambo sola osatchaja. Akaimba kawiri osamupeza, adzadikira? Si adzangopita pa dzina lotsatira? Mwakuti m'kalatamo tinaikamo ndi nambala yanga, poti ine ndimakhala pamsika tsiku lonse. Kodi ndi ana angati amene malo awo anapita chifukwa cha batire, iwo n'kumaganiza kuti anagwa ndi Chingerezi?

Za kuimba foni tsiku ndi tsiku anatiletsa. Anati tidzafunse kamodzi sabata yolembetsa ikadutsa, chifukwa m'pamene koleji imadziwa amene sanabwere. Pakadali pano mwana asakhale manja lende. Afunsire malo kwina kumene akulandirabe makalata, aganizirenso ngati n'koyenera kukalembanso phunziro limodzi kapena awiri a MSCE kuti mapointi atsike, ndipo madzulo azibwera pakhonde langa kuti aphunzitsi azimufunsa mafunso m'Chingerezi mpaka lilime limasuke. Akapeza malo kwina n'kuvomera, adziwitse koleji yoyambayo kuti imuchotse, wina asunthe.

Mawu akuti wina asunthe ndi amene andifikitsa pa funso limene ndikuopa kulifunsa mokweza. Mlongo wanga amapemphera usiku uliwonse kuti khomo litseguke. Ine ndimavomera kuti ameni. Koma kuti litseguke, pafunika wina amene anasankhidwa asabwere. Ngati sabwera chifukwa wapita ku yunivesite, tonse tisangalale. Koma aphunzitsi atatchula zifukwa zija anasiyako chimodzi, ndipo nditawakakamiza anachinena: ena safika chifukwa fizi yasowa. Mwana anakhoza intavyu, anayang'ana akuluakulu m'maso, dzina linatuluka papepala loyamba, mudzi unalulutira, koma malume wake analephera kusonkhanitsa ndalama. Kodi pemphero lathu likupempha chiyani kwenikweni? Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga ameneyo si wathu?

Ndipo ife tili bwino kuposa malume ameneyo? Foni ikalira Lachitatu kuti mwana afike Lolemba ndi fizi ya teremu yoyamba, yunifolomu, nsapato ndi thiransipoti, tidzazitenga kuti? Yunifolomu ndisoka ndekha, koma fizi sasoka. Mlongo wanga akufuna tigulitsiretu mbuzi ndi soya kuti ndalama ikhale chire. Nanga akapanda kuimba, tidzakhala tagulitsa mbuzi chifukwa cha pepala limene silinalonjeze kanthu? Tikapanda kugulitsa iwo n'kuimba, ndiye kuti ndife amene tidzatsegulire khomo mwana wa dzina lotsatira. Zikatero ndiye kuti mayeso ndi atatu: a MANEB, a intavyu, ndi a m'thumba. Achitatuwa salengezedwa, koma ndi amene amamaliza kusankha.

Aphunzitsi ndinawafunsa funso lomaliza, ndipo anapinda nyuzipepala yawo osandiyankha. Amene wakhoza ali ndi pepala lake, amene akudikira ali ndi lake. Nanga mwana uja anasankhidwa n'kulephera kufika chifukwa cha fizi, dzina lake amalilemba papepala liti, ndipo chaka chamawa alipo amene amamuimbira foni?