Maganizo anga kwa a Admin, kuchokera pansi pa ligi

Ine amene mumandiona ndikukangana ndi kondakitala wa minibasi chifukwa cha chenji cha K200, chaka chilichonse mpira wa ku England ukamayamba mu Ogasiti ndimapatsidwa mapaundi 100 miliyoni kuti ndigule osewera. Pa mtengo wa ku banki ndalama zimenezi zimaposa K200 biliyoni. Kungoti sizituluka mufoni. Ngakhale kajumbo ka makala sizingagule. Masewera ake ndi Fantasy Premier League, ndipo padziko lonse tilipo anthu oposa 10 miliyoni odwala matenda amenewa, kuphatikizapo amuna a pa gulu lina la pa WhatsApp limene sinditchula dzina lake poti ndidakali ndi kangongole kumeneko.

Kwa inu amene Mulungu anakutetezani, nkhani yake ili motere. Umasankha osewera 15 a mu ligi ya ku England: magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu, koma osaposa atatu ochokera ku timu imodzi. Mnyamata akagoletsa ku Anfield, iwe uli phee pa benchi ku Ndirande umalandira mapointi. Amene wamupatsa ukaputeni, mapointi ake amawerengedwa kawiri. Zimatero kwa ndime 38, mpaka mu Meyi. Ife pagulu pathu tili ndi kaligi kathukathu: aliyense amaponya K5,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, wopambana n'kutenga zonse. Kuponya ndimaponya nawo. Kutenga ndiye ndimangomva kwa anzanga.

A Admin athu ndi bambo wodekha, anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma, ndipo amakonda zinthu zadongosolo. Sizoni ya 2024/25 itatha analemba kuti: "Abale, mutu umodzi susenza denga. Aliyense anene maganizo ake pa malamulo a gulu, pa kagulidwe ka osewera ndi pa phwando lotsekera sizoni." Amene anathera pamwamba anangotumiza kachala kaja kovomereza. Munthu wokhuta sakhala ndi ndemanga. Ine ndinathera pansi penipeni, moti kuti muone dzina langa mumayenera kukanda foni mpaka chala chitatentha, choncho maganizo ndinali nawo odzaza nkhokwe. Ndinajambula voice note yaitali mpaka mnyamata wina anapempha kuti ndimubwezere bandulo.

Ndinayamba ndi nkhani ya nthawi. Lamulo limati kusintha timu kumatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba a ndimeyo ayambe. Masewero a Loweruka masana amayamba 12:30 pa wotchi ya ku England, ndipo anzathuwa wotchi yawo sikhala malo amodzi. Lamlungu lomaliza la Okutobala amaibweza m'mbuyo ndi ola, Lamlungu lomaliza la Malichi n'kuikankhiranso kutsogolo. Ndiye m'nyengo yawo yozizira chitseko chimatsekedwa 1 koloko masana kuno kwathu, koma mu Epulo chimatsekedwa 12 koloko. Loweruka lina ndili pamzere ku chigayo, thumba la chimanga lili pakati pa miyendo, ndinkadziuza kuti ola lilipo. Pomatulutsa foni, manja ali mbuu ndi ufa, ndinapeza atseka kale, kaputeni wanga ali wovulala, wavala jekete akuonerera anzake. Pempho langa linali lakuti gulu liziganizira anthu amene ali ku chigayo. A Admin anayankha mwaulemu kuti wotchi ya ku England alibe nayo mphamvu. Mphunzitsi wa masamu amene ali pagulupo anawonjezera kuti: "Achimwene, tonsefe tili m'Malawi momwemuno. Dzuwa lathu ndi limodzi."

Mfundo yachiwiri ndiyo inali pamtima. Ndime iliyonse amakulola kusintha wosewera mmodzi mwaulere. Ukawonjezera wina amakudula mapointi anayi. Kuyambira sizoni ya 2024/25 munthu wodziletsa akhoza kusunga mwayi waulerewu mpaka ukwane kasanu. Ndimangomva kuti zimatheka. Ine wosewera akaphonya chigoli Loweruka, pofika Lamlungu m'mawa ndamuchotsa kale ntchito, iye pamodzi ndi mnzake amene anamupatsira mpira mochedwa. Ndiye ndinapempha kuti mu ligi yathu mapointi odulidwawa asamawerengedwe. Ndinalankhula ngati munthu woganizira gulu lonse. Ndinakumbutsa abale kuti ngakhale eni masewerawo malamulo amasintha, poti pakati pa sizoni yomweyo anabweretsa zoti munthu asankhe kochi n'kumapeza mapointi timu ya kochiyo ikapambana. Nanga ife tikuumira chiyani?

Mphunzitsi uja sanatsutse. Anangotenga cholembera, n'kuwerengera mapointi onse amene ndinadulidwa kuyambira mu Ogasiti, n'kundibwezera onse pa pepala, n'kujambula pepalalo n'kuliponya pagulu. Ndinali womalizabe. Anthu ophunzira masamu alibe chisoni.

Koma chimene chinandibaya kwenikweni ndi alamu anga. Iwowa anathera pa nambala 4. Foni yawo inabedwa m'tauni mu Seputembala, password anaiwala, ndipo timu yawo sanaitsegulenso mpaka sizoni kutha. Asanabedwe anali atapereka ukaputeni kwa Mohamed Salah. Sizoni imeneyo Salah anagoletsa zigoli 29, Liverpool ya Arne Slot inatenga ligi, ndipo iye anasonkhanitsa mapointi 344, amene wosewera wina aliyense anali asanawafikepo m'mbiri ya masewerawa. Alamu anga ankawalandira kawiri, ali kumunda, osadziwa n'komwe. Akuba foni aja anawachitira zabwino zimene ife achibale tinalephera.

Ine katswiri ndinayamba bwinobwino ndi Salah yemweyo. Erling Haaland anamuika pa mapaundi 15 miliyoni, mtengo umene unali usanaonekepo, ndipo ndinalumbira pagulu kuti ndalama zanga sindingaseweretse choncho. Kenako mnyamatayo anagoletsa zitatu pokumana ndi Ipswich, sabata yotsatira zitatu zinanso pokumana ndi West Ham. Tulo tinatha. Ndinagulitsa Salah, ndinagulitsanso osewera ena awiri osalakwa, n'kugula Haaland atakwera kale mtengo. Poyamba zinkaoneka ngati ndachita zanzeru, ndipo ndinayamba kulangiza anthu pagulu popanda wondipempha. Pofika Novembala, Manchester City inayamba kugonja motsatizana, mpaka Tottenham kuithira 4-0 pakwawo pomwe. Ndinapirira. Pa 26 Disembala City inapatsidwa penate pokumana ndi Everton, ine ndili chilili m'kanyumba koonetsera mpira, ndavala malaya a Khirisimasi, kaputeni wanga waika mpira pansi. Jordan Pickford anaitchinga. Penate yophonya amadula mapointi awiri, kwa kaputeni amakhala anayi. Ndinatuluka osamaliza Fanta.

Za kagulidwe ka osewera ndinanenapo zambiri, chifukwa pamenepa pali nkhanza. Mitengo imakwera kapena kutsika pang'onopang'ono potengera kuchuluka kwa anthu amene akugula kapena kugulitsa wosewerayo. Ukamugula pa 7.0 miliyoni n'kukwera kufika pa 7.4, pomugulitsa amakupatsa 7.2 yokha, theka la phindu. Koma akatsika mtengo, kuluza konse n'kwako wekha. Ngakhale wakatapila wa kwathu amayamba wakufunsa za moyo wa ana asanakulande wailesi. Ndinapempha a Admin kuti alembe kalata yodandaula m'dzina la gulu. Anandifunsa kuti ailembere ndani. Ndinati ku England. Anati England ndi dziko.

Choipa china n'chakuti mitengoyi imasintha usiku anthu ali m'tulo. Ndiye ndinazolowera kudzuka pakati pa usiku, kufunda bulangete kumutu, kuwala kwa foni kuli ngwee kumaso, ndikunong'ona ndekha kuti, "Usatsike, chonde usatsike." Mayi a kunyumba anapirira mpaka anatopa. Usiku wina anangovundukula bulangete n'kulanda foni, ali okonzeka kuona nkhope ya mkazi amene akuwasokonezera banja. Anapeza amuna 15 atandandalikidwa pa kapinga wobiriwira, aliyense ndi mtengo wake pansi. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Abambo, amenewa ndi ndani?"

"Ndi antchito anga, amayi."

"Amakulipirani?"

Ndinafotokoza zonse bwinobwino, za Salah, za Haaland, za theka la phindu. Iwowa amagulitsa tomato pamsika ndipo ndi msungichuma wa banki m'khonde, choncho anamvetsa msanga kuposa mphunzitsi uja. Anati: "Ndiye kuti mumagula katundu akakwera mtengo, n'kumugulitsa akatsika?" Ndinati si choncho kwenikweni. Anati ndi choncho kwenikweni. Anandibwezera foni n'kunena kuti akanakonda akanapeza mkazi, chifukwa nkhani imeneyo ankhoswe amaidziwa poyambira. Kuyambira tsiku limenelo ndalama ya ndiwo sidutsanso m'manja mwanga.

Panalinso nkhani ya malonda enieni. Gululi tinalitsegulira mpira, koma pofika pakati pa sizoni linali litasanduka msika: uyu nsapato za kaunjika, uyu anapiye, uyu puloti ku Chileka yopanda mapepala, wina n'kumagulitsa malangizo a kaputeni wa sabata pa K1,000 pomwe iye mwini ali pa nambala yachiwiri kuchokera pansi. Ndinali woyamba kugula. Pa ndemanga zanga ndinadzudzula mchitidwewu mwamphamvu n'kupempha kuti malonda aletsedwe. A Admin anavomera, koma anandikumbutsa kuti nkhunda zimene ndinalengeza sabata yathayo zikugweranso m'lamulo lomwelo. Tinagwirizana kuti malonda azichitika Lachisanu lokha.

Phwando ndiye silinatenge nthawi. Kuyambira mu 2022 WhatsApp ili ndi kachisankho kake kodina, ndipo a Admin anaika malo atatu: ku nyanja ku Salima, kanyenya pa kabala ka m'dera, kapena aliyense kwawo. Pafupifupi tonse tinadina Salima. Ena anayamba kale kufunsa za chambo. A Admin atalemba mtengo wa minibasi ndi nambala yotumizirako ndalama, gulu lonse linadwala netiweki. Anthu omwe amayankha nkhani ya penate 2 koloko usiku anakhala chete mpaka sabata kutha. Phwando linachitika aliyense kwawo, malo amene anapeza voti imodzi yokha, ya alamu anga, amene anadina molakwitsa pa foni yobwereka.

Ndikanangokhala chete pamenepo bwenzi zinthu zili bwino. Koma ndemanga zanga zinadzutsa ena. Mnyamata wa bandulo uja anabweretsa mfundo yoti popeza wopambana amalandira mphoto, womaliza naye azilandira kanthu: azigula kireti ya zakumwa n'kujambulitsa atavala yunifomu ya timu imene amadana nayo. Anati lamuloli liyambe ndi sizoni yangothayi. A Admin anaika chisankho. Sindinaonepo Amalawi akuvota mwachangu chotere. Ndinakumbutsa gulu kuti khoti linagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti wopambana chisankho cha pulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Mphunzitsi anayankha kuti mavoti apitirira theka kalekale, wotsutsa ndi mmodzi. Ndinati voti ndi yachinsinsi, asamaloze anthu. Anandionetsa kuti pa WhatsApp ukadina pansi pa chisankho umaona dzina la aliyense ndi chimene wasankha. Ndinapempha kuti awerengenso. A Admin anatumiza chithunzi cha zotsatira n'kulemba mawu awiri okha: "Mulibe tipeksi."

Munthu ali ndi ulemu wake. Ndinaganiza zotuluka pagulu mokwiya kuti aone kuti ataya munthu. Ndinadina, n'kuika foni patebulo, n'kudikira kuti ayambe kuimba kundipepesa. Foni inali zii. Patapita masiku ndinakumana ndi mphunzitsi uja pa sitolo, anandipatsa moni wansangala n'kundifunsa chifukwa chimene ndafatsira pagulu masiku ano. Ndi iyeyo anandiuza kuti kuyambira mu 2022 munthu akatuluka pagulu la WhatsApp amadziwitsidwa ndi a Admin okha, ena onse sauzidwa kanthu. Chionetsero changa chinaonedwa ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo anasankha kusunga chinsinsi.

Pamene ndikulemba izi, Ogasiti wa 2025 wayandikira, mapaundi 100 miliyoni ena alowa kale mufoni, ndipo ndamva kuti chaka chino otchinga kumbuyo azipatsidwa mapointi awiri owonjezera akagwira ntchito yotchinga kokwana khumi pa masewero amodzi. Maganizo pa lamulo limeneli ndili nawo ambiri, koma ndilibe kowanenera. Mayi a kunyumba anakana kumvera, ndipo kondakitala amangofuna ndalama yake.

Choncho a Admin, ndikudziwa kuti nyuzipepala ino mumawerenga. Ndibwezereni pagulu, bambo, ndipo code ya ligi yatsopano munditumizire. K5,000 ndiponya mwezi ukatha. Za kireti tikambirana ngati akuluakulu, koma yunifomu ija ikhale ya saizi yanga. Kwa ena nonse amene mumasewera nawo, ndikudziwitseni mwaulere kuti Salah ndamugula kale pa mapaundi 14.5 miliyoni ndipo ndamupatsa ukaputeni. Amene muli naye mu timu yanu, nthawi yomugulitsa ikadalipo.