Zomveka pa bala la kuseri kwa msika ku Kauma

Dzuwa likapendeka, misewu ya fumbi ya ku Kauma imadzaza ndi anthu oweruka ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi ku Capital Hill: akhukhi, osamalira maluwa, alonda a masana, amakaniki ndi anyamata a kabaza. Ambiri asanafike pakhomo amayamba apatukira pa kabala kena kuseri kwa msika, komwe kuli mabenchi, tebulo la pulu, bawo pakhonde ndi TV yotsekeredwa m'kakhola ka zitsulo. Sabata ino macheza anapsa pamenepo, ndipo nazi zomwe zamveka.

Mkangano wa Giriini ndi Chibuku wabukanso. A mbali ya Giriini, omwe amakhala chifupi ndi firiji, akunyadira kuti mowa wawo wakhala ukufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, pa fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, ngakhale tsopano ili m'manja mwa Castel kuchokera mu 2016. A Chibuku sakutekeseka ndi mbiri imeneyo. Iwo akuti paketi yawo ukaikhutchumula bwino, wamwa ndipo wadyeratu. Mkulu wina wa Kuche Kuche anayesa kuweruza mlanduwo, koma mbali zonse ziwiri zinagwirizana kuti woweruza ayambe wagula kaye.

Pa chiwaya napo pali dandaulo. Fungo la kanyenya wa mbuzi limakukoka uli kumsewu, tchipisi n'chothyoka bwino, nthumbwana n'zofewa, ndipo supu ya mang'ina ya Lamlungu m'mawa yadzutsa anthu ambiri a matsire. Koma makasitomala akulumbira kuti nthuli zikuwonda mwezi ndi mwezi. Mnyamata wa chiwaya akuti mpeni wake sunasinthe, yomwe inawonda ndi kwacha, pomwe inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo makala, mafuta ophikira ndi mbuzi zonse zinakwera. Pofuna mtendere, wayamba kuthirira kambuzi ndi mchere mosaumira, ndipo odandaula aja amachoka akupemerera lilime.

Za mpira musachite kufunsa. Ochemerera Silver Strikers sanasiyebe kukumbutsa anzawo za ligi ya 2024, yomwe analanda Maule atainyamula kasanu motsatizana. A Bullets akuti mlendo akagona usiku umodzi sakhala mwini nyumba. A Manoma amangoseka pakona, nkumati aliyense ali ndi nyengo yake. Magetsi akathima mpira uli mkati, onse amaiwala chidani nkuunjikana pa foni imodzi, mitu itagundana.

Nkhani yomwe yavuta kwambiri ndi ya buku la ngongole. Mayi ogulitsa pa kauntala, omwe aliyense amawaitana kuti achemwali ngakhale a imvi, amadziwa tsiku lomwe munthu aliyense amalandira. Bodza loti ndatumiza pa foni koma netiweki yavuta linatha ntchito, chifukwa iwo amadikira uthenga ulowe asanatsegule botolo. Mphekesera ikuti bambo wina wayamba kuzungulira njira yakumtsinje kuopa kudutsa pakhomo la bala, koma chipewa chake chimaonekera patali.

Tikuseka, koma kabalaka kali ndi ntchito yake. Ganyu yomanga mpanda ku Area 43 imamvekera pano. Nyumba ya lendi yotsika mtengo imapezekera pano. Maliro akagwa m'dera, mbale imazungulira mabenchi onse, ndipo wa Giriini ndi wa Chibuku amaponyamo mofanana. Achemwali aja salola mwana wa sukulu kulowa, ndipo munthu akayamba kupepesuka amamuitanira kabaza womudziwa. Akuluakulu a pano akukumbukira momwe masacheti anawonongera achinyamata boma lisanawaletse mu 2015, n'chifukwa chake mowa wosadziwika kochokera saulandira.

Choncho achimwene, mukadutsa ku Kauma madzulo ano, lowani, perekani moni mabenchi onse, lawani kanyenya ali wamoto. Koma ya ndiwo siyani kunyumba musanatuluke, lipirani ngongole yanu, ndipo bwererani miyendo idakali yanu. Phukusi la moyo umasunga wekha.