Ulemu kwa Mfumu ya Maziro 14

Pa Feira ku Zambia, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, mayiko atatu amayang'anizana: Zumbo wa ku Mozambique ali tsidya la Luangwa, Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya la Zambezi. Onse atatu anadwalapo nthenda ya maziro. Mozambique inadula atatu pa ndalama yake mu 2006, Zambia atatunso pa 1 Januwale 2013. Koma awa ndi makanda. Mwini bwalo ndi 100,000,000,000,000, nambala yomwe banki yaikulu ya Zimbabwe inasindikiza pa pepala limodzi mu Januwale 2009, njati ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya zili kumsana kwake.

Mfumuyi ndi yoombera m'manja utagwada. Kutsogolo kuli 1 yekha, m'mbuyo mwake nduna 14 zopanda kanthu m'mimba. Ukachulukitsa 10,000,000 ndi 10,000,000 mnzake, imabadwa yathunthu. Makolo ake ndi awiri basi, 2 ndi 5, aliyense atadzichulukitsa maulendo 14, ndipo manambala 225 amaigawa popanda chotsala. Woiwerenga imodziimodzi pa sekondi iliyonse, osadya osagona, angathe zaka zoposa 3 miliyoni.

Koma kwa 3 mfumu imachita manyazi. Igaweni patatu: msodzi wa ku Zumbo, wopalasa bwato wa ku Kanyemba ndi mayi wa nsomba wa pa Feira, aliyense atenga 33,333,333,333,333, pansi n'kutsala dola imodzi. Amene anaonapo atatu akugawana nsomba padooko akudziwa kuti chuma chonsecho palibe angachiyang'anenso. Maso onse akhala pa kadolako, ndipo mlandu wake ukathera kwa anyakwawa.

Chowawa n'chakuti ku Zambia mabwana a m'maofesi anadula maziro papepala, n'kuiwala kuwadula pakamwa. Pamsika wa pa mlatho wa Luangwa ukafunsa mtengo wa nsomba zouma, umva: "Fifite pini, bambo, ndakuchotseraniko." Mutu uyambe kuzungulira: pini ndi chikwi, koma chakale kapena chatsopano? Agogo akati mbuzi yawo ndi miliyoni akunena K1,000, ndipo ukawakonza amati ana a masiku ano mulibe mwambo. Lumo lomwelo bwanji silinafike pa mtengo wa basi ya ku Lusaka? Likanadulidwa ngakhale ziro limodzi lokha la pa thumba la ufa, anthu akanavina mpaka kucha.

Ufumu wa maziro 14 uja sunakhalitse. Mu Febuluwale 2009 Zimbabwe inametanso maziro 12, mfumu n'kutsala 100 chabe. Lero pepalalo limagulidwa ndi alendo odzaona mathithi ku Livingstone. Pa Feira sipasowa mkulu amene analipinda bwinobwino n'kulisunga m'Baibulo. Alendo akabwera amalitulutsa, kuwawerengetsa maziro ndi chala, kenako n'kutuma mdzukulu kuti akapemphe mchere kwa aneba.