Mlembi wa Bungwe Wazula Mzati

Kuno ku Mbizo, mu Kwekwe, munthu akangodziwa pobayira waya wa kompyuta ndiye kuti ndi injiniya basi. Ine anandisankha kukhala mlembi wa bungwe lathu la maliro chifukwa ndimavala magalasi. Bungwelo ndi la ife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzakumba golide ndi kudzasungunula zitsulo ku Redcliff. Kumudzi ambirife sitikudziwako, choncho msonkho wa pamwezi ndiwo umatigulira bokosi ndi ufa wa pa siwa. Mayina a olipira ndi ozemba onse amakhala mu laputopu yakale imene mkamwini wa atcheya anatumiza kuchokera ku Joni.

Laputopuyo inali ndi Windows 10. Kampani ya Microsoft itasiya kusamalira Windows ameneyu pa 14 Okutobala 2025, tinayesa Windows 11, koma inatikana chifukwa makina athu alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira za makompyuta ku Gweru, anatiikira Ubuntu 22.04, mtundu wa Linux wosalipira. Pochoka anati, "Amalume, muzingolemba mayina. Zinazo musamazigwire." Ndinavomera ndi mutu ngati mmene munthu amavomerera kwa dokotala.

Kenaka ndinapeza kapulogalamu kowerengera ndalama kokongola zedi. Nditakatsegula kanakana, nkundilembera kuti sikakupeza GLIBC_2.38. Ndinafufuza pa foni mpaka bandulo kutha, ndipo ndinamva izi: mapulogalamu a mu Linux sadziwa okha kutsegula fayilo, kulemba mawu kapena kupempha malo ogwirira ntchito. Pafupifupi onse amakabwereka nzeru zimenezi ku fayilo imodzi yotchedwa libc.so.6. Yathu inali ya nambala 2.35, kapulogalamu kaja kankafuna ya kutsogolo. Apa mutu wanga unagwira ntchito mwachangu kuposa masiku onse. Yakale ichoke, yatsopano ilowe, nkhani yatha.

Ndinalamula kompyuta kuti isunthe fayilo yakale ija, ndipo inamvera mopanda mtsutso. Ndinalamulanso kuti ikope yatsopano nkuiika pamalopo. Inakana. Ndinati chabwino, bwezera yakale ija. Inakananso. Ndiye ndionetse chabe zimene zili mufodamu. Kukana. Malamulo onsewa, cp wokopera, mv wosunthira, ls woonetsera, ngakhale sudo amene amakupatsa mphamvu za bwana, nawonso amadalira fayilo yomwe ndinali nditangoichotsayo.

Chopusitsa chinali chakuti kambewa kankayendabe pa sikirini ndipo wotchi inkawerengabe nthawi. Pulogalamu imene yayamba kale kugwira ntchito imakhala itanyamula kale zimene ikufuna, yosadzukayo ndi yatsopano. Ine poona choncho ndinati matendawa ndi aang'ono, ndipo ndinapereka mankhwala amene injiniya aliyense wa ku Mbizo amawadziwa: kuzimitsa nkuyatsanso. Panabwera mdima ndi timawu toyera tambirimbiri, pakati pake pali mawu akuti kernel panic. Amayi a kunyumba anasuzumira nkufunsa kuti, "Abambo, imeneyinso tiisonkhere?"

Nkhani inafika ku msonkhano wa Lamlungu ine ndisanafike. Ndinayesa kudziteteza ndi za kunja. Ndinawauza kuti pa 19 Julayi 2024 fayilo imodzi yolakwika yochokera ku kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, mabanki anasokonekera. Atcheya anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amenewo ali ndi maloya awo. Inu alembi muli ndi chiyani?"

Amene anamvetsa msanga ndi agogo ena amene sanagwirepo kompyuta chibadwire. Iwowa anakalambira m'migodi ya chrome ku Shurugwi, ntchito yawo inali yoimika mitengo yochirikiza denga la pansi pa nthaka. Anandifunsa mafunso awiri okha: chinthucho chimanyamula zinzake? Nanga chatsopanocho munali mutachiimika kale? Nditayankha anaseka mpaka kutsokomola. Anati kumgodi mzati ukafumbwa suugwira. Umayamba waimika watsopano pambali pake, nkuukhomera zolimba mpaka ulire kuti wasenza denga, ndiye pamenepo wakale uja nkuugwetsa. Ndipo nyundo yako siuisiya mbali imene ingagwe.

Kenaka nkhope yawo inasintha. Anakumbutsa anthu za mu Malichi 2023, pamene kalasi ya pa sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix inatitimira m'dzenje ana ali momwemo, ena nkuvulala. Tauni yathuyi yakhala pamwamba pa mauna a mgodi umene unayamba m'ma 1890, ndipo makorokoza, okumba golide mozemba, akalowa m'mauna akalewo amaswa ngakhale zipilala za mwala zimene anthu akale anazisiya dala, popeza nazonso zili ndi golide. Onse anakhala chete. Agogo aja nkutembenukira kwa ine: "Mwana wanga, wakorokoza kompyuta ya bungwe." Dzina langa latsopano linabadwira pomwepo.

Mtsikana wa achemwali uja anabwera Loweruka lotsatira ndi kafulashi kokhala ndi Ubuntu wake mkati. Anadzutsira laputopu pa kafulashiko, nkulowa m'diski yathu ngati mlendo, nkubwezera fayilo ija dzina lake ndi malo ake. Tiyi amene ndinamuthirira anali asanazizire pamene mayina onse anaonekanso.

Chimene chinandiwawa nchakuti nzeru za agogo zija kompyutayo inali nazo kale. Pulogalamu yoika zinthu mu Ubuntu, yotchedwa dpkg, sichotsa fayilo yakale poyamba, ndipo siilemba pamwamba mapulogalamu akuigwiritsa ntchito. Imalemba yatsopano pambali ndi dzina lothera ndi .dpkg-new, nkuonetsetsa kuti yakhazikika m'diski, kenaka nkusintha dzinalo kamodzi nkamodzi, moti palibe mphindi imene malowo amakhala opanda kanthu. Mapulogalamu amene akugwira ntchito amapitiriza ndi yakale mpaka atawatseka. Ndiponso fayilo imeneyi siyenda yokha, ili ndi abale ake amene ayenera kufanana nayo msinkhu. Njira yake inali yokweza Ubuntu yense kufika pa 24.04, amene amabwera ndi glibc 2.39, pogwiritsa ntchito lamulo la do-release-upgrade. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Tisanayambe kukwezako, mtsikana uja anandikopetsa mayina onse pa fulashi ina. Anafunsanso za batire, ndipo ndinaulula kuti inafa kalekale, laputopuyo imapuma ndi waya basi. Magetsi a kuno mukuwadziwa, amakonda kubwera anthu atagona nkuchoka tambala asanatsike. Tinakabwereka inveta kwa aneba a shopu. Akuti magetsi akathima ntchito ili pakati, nthawi zambiri dpkg --configure -a amamaliza zotsalazo, koma iye sanafune kuyesa mwayi pa nyumba imene muli ine.

Komiti inagamula kuti ulembi ndipitirize, koma pasiwedi ya sudo isungidwe ku Gweru. Sindinadandaule kwambiri. Chimene chikundipwetekabe ndi china. Sabata imene kompyuta inali chikomokere, panalibe munthu wa ngongole m'bungwe lonse. Aliyense anali atalipira mpaka Disembala, ena mpaka chaka chamawa. Abambo ena amene sanaponyepo ngakhale ZiG imodzi chiyambire chaka ankandipatsa moni wa manja awiri, mpaka anandigulira Chibuku, nkumanditcha mwana wa nzeru. Kuyambira tsiku limene mayina anabwerera, akandiona pa sitolo amawoloka msewu.